Fritz Cremer ndi ziboliboli za ku Buchenwald: maganizo anga

Anzanga okonda zaluso, ndiloleni lero ndikambe za mmisiri wina wa ku Germany amene anthu ena amafuna kumutaya limodzi ndi boma lachikomyunizimu la East Germany lomwe ankaligwirira ntchito. Dzina lake ndi Fritz Cremer, wosema ziboliboli komanso wojambula, wobadwira ku Arnsberg mu 1906, ndipo anamwalira ku Berlin mu 1993. Ine ndikuti kumutaya n'kulakwa, ngakhale kuti pali zina zomwe sindingamuikire kumbuyo.

Cremer anakula movutika. Makolo ake onse anamwalira iye asanakhwime, ndipo ntchito yosema miyala anaiphunzira ku Essen, womwe panthawiyo unali mzinda wa migodi ndi mafakitale a zitsulo. Analowa chipani cha chikomyunizimu ali mnyamata. Mu 1933, a Nazi, chipani cha Hitler, atachotsa mayi wojambula wotchuka Käthe Kollwitz m'bungwe lalikulu la amisiri ku Berlin, iye anayenda kusainitsa anzake kalata yotsutsa zimenezo, pa nthawi imene ambiri anali atayamba kale kutseka pakamwa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo iye anachitadi zomwezo. Koma usilikali sanauzembe: anavala yunifolomu ya dziko lake pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kugwidwa ukaidi ku Yugoslavia. Nkhondo itatha anakaphunzitsa ku Vienna, kenako mu 1950 anasamukira ku East Germany mwa kufuna kwake.

Nkhani yanga yagona pa phiri la Ettersberg, pafupi ndi Weimar, pamene panali ndende ya a Nazi yozunzirako anthu ya Buchenwald. Anthu pafupifupi 280,000 anadutsa m'ndendeyi ndi nthambi zake, ndipo okwana 56,000 anafera komweko. Boma la East Germany litaganiza zomanga chikumbutso pamalopo, ntchito ya ziboliboli inapita kwa Cremer.

Zimene anayamba kuumba mu 1952 zinali kagulu ka akaidi owonda, otopa, oimirira moyandikana ngati akuchirikizana kuti asagwe. Akuluakulu a chipani cholamula anazikana. Kwa iwo anthuwo ankaoneka ovutika mopitirira, osaoneka opambana. Boma linkafuna nkhani imodzi yokha, yakuti akaidi achikomyunizimu anadzimasula okha pa 11 April 1945. N'zoona kuti tsiku limenelo akaidi amene anali ndi mfuti zobisa analanda nsanja za alonda, koma alonda ambiri anali atathawa kale chifukwa asilikali a ku America anali atafika pafupi. Mbali yachiwiriyi boma silinkaikonda. Cremer anabwerera ku dongo lake kawiri konse, ndipo zimene anavomereza ndi zachitatu, zomwe anazitsegulira pa 14 September 1958.

Tsono yang'anitsitsani zimene zinaima pamenepo. Ndi anthu 11 a mkuwa, aatali kuposa munthu wamba, ataima kutsogolo kwa nsanja ya belu yotalika mamita 50. Boma linapeza zomwe linkafuna: pali wonyamula mbendera, pali wogwira mfuti, pali wokweza dzanja polumbira. Koma Cremer sanawanenepetse. Masaya ndi olowa m'kati, zovala zikungolendewera pa mafupa, mitu ndi yometedwa. Kutsogolo kwenikweni wina akugwa, manja ali m'mwamba, ufulu wafika koma iye sauona. Chakumapeto kuli mwana wovala chijasi chomukulira, nkhope yake ngati ya munthu wokalamba. Ana ndi achinyamata pafupifupi 900 anapezeka amoyo m'ndendemo tsiku lomasulidwa, ndiye mwanayu sanaikidwepo pofuna kungokometsera. Ndipo chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti m'gululi muli wokayika, komanso wina amene mtima wake unauma, sakhulupiriranso kanthu. Chipani chinkafuna gulu la ngwazi zokhazokha, koma mmisiri anaikamo anthu amene ndende inawaswa m'kati. Kuti awiri amenewa akhalebe pamenepo pambuyo pa zaka zokanganazo, ndiye umboni wakuti Cremer sankangoumba zimene wauzidwa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amati ntchito yake ndi yokopera anthu ku chipani basi. Wokopa anthu sakusonyeza munthu wokayika.

Komabe pali zomwe chikumbutsochi chinabisa, ndipo zimandiwawa. M'gululi mulibe mkazi ngakhale mmodzi, chonsecho akazi masauzande ambiri anagwira ntchito yakalavulagaga m'nthambi za ndendeyi. Ayuda, komanso Asinti ndi Aroma (mitundu imene ena amaitcha Majipusi), amene anaphedwa chifukwa cha mtundu wawo chabe, sakuoneka mwapadera. Choipitsitsa, kuyambira 1945 mpaka 1950 a Soviet Union anagwiritsa ntchito malo omwewo ngati ndende yawo, ndipo anthu oposa 7,000 anafa ndi njala ndi matenda n'kukwiriridwa m'nkhalango yapafupi. Mu 1958 palibe amene anatchula zimenezi. Cremer anali munthu wamkulu m'dzikolo, womvedwa, ndipo chete ameneyu ali ndi gawo lake. Mu 1976 anasaina kalata yotsutsa kulandidwa unzika kwa woimba Wolf Biermann, yemwe ankadzudzula boma la East Germany, koma pasanapite nthawi anabweza siginecha yake. Mnyamata wa 1933 uja sakanachita zimenezo. Munthu yemweyo mu 1964 anaima pamsonkhano wa amisiri n'kudzudzula poyera akuluakulu amene ankalamula mmene luso liyenera kuonekera. Ndiye kulimba mtima anali nako, kungoti sikunkafika tsiku lililonse.

Amene akufuna kumumva bwino aonenso ntchito yake ya ku Mauthausen, ndende ina ya a Nazi ku Austria: mayi wokhala pansi, thupi lalikulu lolemera ndi chisoni, pafupi ndi waya waminga. Mayiyo ndi Germany yemwe, amene ana ake anapha ana a anzake. Pamenepo palibe mbendera kapena mfuti, pali manyazi okhaokha. Aonenso chiboliboli chake cha ku Ravensbrück, komwe kunali ndende ya akazi, cha amayi onyamula mwana pamachira, komanso zojambula zake zodinda ndi mwala za m'ma 1950, momwe mizere yake ndi yaukali kuposa pa mkuwa, chifukwa pepala silinkadikira chilolezo cha komiti monga chipilala.

Germany itagwirizananso mu 1990, ziboliboli zambiri za nthawi ya chikomyunizimu zinagwetsedwa. Za ku Buchenwald anazisiya, ndipo pambuyo pake anazikonza pomwe mkuwa unawonongeka ndi mvula ndi chisanu. Anawonjezeranso nyumba yofotokoza mbiri ya ndende ya a Soviet, ndi ina yofotokoza mmene chikumbutsocho chinamangidwira ndi zomwe chinasiya osanena. Ine ndikuona kuti anachita bwino kwambiri kuposa kugwetsa, chifukwa mlendo lero amaona ntchito ya Cremer komanso amamva za anthu 7,000 aja pa ulendo umodzi womwewo.