Chilombo chimayamba chakupatula pagulu

A mtolankhani, mwalemba kuti zilombo zolusa zimagwira nyama zofooka, zodwala kapena zokalamba. N'zoona, koma mwasiya nkhani ya kupatulidwa pagulu. Njati yamphongo, ndi mphamvu zake zonse, ikatsalira yokha mikango imaigwetsa, pomwe kamwana kamene kali pakati pa gulu imangokayang'ana chapatali. Afisi nawo amayamba abalalitsa gulu la nyumbu, kenako n'kusankhapo imodzi. Ku Serengeti, malo osungirako nyama zakutchire ku Tanzania, nyumbu zimaswa nthawi imodzi, m'milungu iwiri kapena itatu cha mu February, ana pafupifupi 500,000. Zilombo zimadya n'kukhuta, ochuluka n'kupulumuka.

Kwa anthu ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa tikamati ogwidwa ndi ofooka timakhala ngati tikuimba mlandu wolakwiridwayo. Wogwirira ana nthawi zambiri si mlendo wobisala patchire ayi, ndi munthu amene banja limamudziwa ndi kumukhulupirira. Amayamba ndi timphatso, kumuyamikira mwanayo, kenako mawu aja akuti "usawauze amayi ako, ndi chinsinsi chathu." Mwamuna wankhanza asanakweze dzanja amakhala atadanitsa kale mkazi ndi abale ake, foni atamulanda. Ngakhale akuba a pa intaneti amakuumiriza kutumiza ndalama msangamsanga usanafunse aliyense.

Makolo anzanga, mwana akayamba kutalikirana ndi anzake n'kumabwera ndi zinthu zimene simunamugulire, musathamangire kumukalipira, angatsekeretu pakamwa. A mtolankhani, mudzatifunsireko kwa ogwira ntchito zoteteza ana kuti mwana wotere timufikire bwanji osamuopseza.