Mwana wodzaphunzira ntchito mupatseni chida agwire

Amisiri anzanga a kuno ku Salima, inu a magalaja, owotcherera, akalipentala, atelala ndi omanga nyumba, pali nkhani yoti tiuzane poyera. Kuchokera pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, mashedi ambiri ali ndi mnyamata kapena mtsikana amene makolo anamubweretsa kuti aphunzire ntchito. Ena ndi a ku Salima Technical College odzachita atachimenti, nthawi imene ana a kukoleji amadzaphunzirira pamalo a ntchito. Ambiri mwa ana amenewa tikungowatuma osawaphunzitsa, ndipo ine zikundiwawa.

Pitani pagalaja m'mawa mukaone. Mnyamata wafika 6 koloko, wasesa, watunga madzi, watsuka mapatsi ndi petulo, watumidwa chipisi cha abwana, kenako kukatenga mwana kusukulu. Ikakwana nthawi yotsegula injini, ntchito yake ndi "bweretsa sipanala ya 13" basi. Chaka chitha, china n'kulowa, sanamangepo yekha ngakhale mabuleki. Pamenepo bambo ake kumudzi anagulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga kuti apeze ya lendi, poyembekeza kuti mwana adzabwera ndi luso m'manja.

Kusesa si mlandu, tonse tinayambira pomwepo. Mlandu ndi kumusiya mwana pa tsache. Mukamulandira mwavomera kukhala mphunzitsi wake. Mupatseni randa apale yekha, aononge thabwa limodzi kapena awiri, inu mumuonetse pamene dzanja linapendekera. Thabwa loonongekalo musamudule pa kandalama kake, ndi mtengo wa kuphunzitsa umenewo. Mumuonetsenso zija timabisa: kuwerengera mtengo wa ntchito, kulemba kotesheni, kusankha matabwa ouma, kulankhula ndi kasitomala amene wabwera atakwiya.

Mantha ake ndikuwadziwa. Timati akadziwa zonse adzatsegula pake pafupi n'kutilanda makasitomala. Komatu nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku, malo ogona alendo kunyanja amafuna mageti ndi mipando, ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 kuyambira 2021, mafakitale a shuga ali konkuno ndi ku Dwangwa. Ikagwa ntchito yaikulu yoti simungaithe nokha, mudzaitana ndani? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Amene munamuphunzitsa bwino ndi yemwe adzakugwireni mkono, apo ayi mwini ntchito adzakatenga amisiri ku Lilongwe inu mukuyang'ana.

Za chitetezo ndiye ndikupemphani ndithu. Ndinaonapo mnyamata akuwotcherera felemu ya windo atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika, kumapazi patapata, abwana ake atasunga chophimba kumaso chimodzi chokhacho kuti n'chawo. Kuwala kwa moto umene uja sikupweteka pompo. Ululu umadza usiku, maso ofiira psuu, misozi osaleka, ngati muli mchenga. M'mawa akalephera kubwera timati ndi waulesi. Chophimba kumaso, magolovesi ndi nsapato zolimba ndi udindo wanu, ndipo gilainda asaigwire musanamuonetse mbali yoima. Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la 2000 limawerengeranso wophunzira ntchito, ndiye akadulidwa chala simungathawire ku mawu oti sanali wolembedwa. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo kapena thanzi lake pachiswe. Funsani zaka musanamulandire.

Atsikana nawo akubwera ku zamagetsi, zamipope ndi zowotcherera. Mtsikana wabwera kudzaphunzira, osati kudzaphikira anyamata nsima kapena kudzafunsiridwa ndi abwana. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limati kumugwiragwira kapena kumulankhula zolaula pantchito ndi mlandu. Dzudzulani anyamata anu tsiku loyamba lomwe.

Mikangano yambiri imabwera chifukwa chosagwirizana poyambirira. Khalani pansi ndi mwanayo pamodzi ndi kholo lake, mulembe ngakhale m'kope: akhala miyezi ingati, aphunzira chiyani, aziweruka nthawi yanji, ya nkhomaliro ndi ya kabaza apereka ndani. Ngati manja ake ayamba kubweretsa ndalama pashedi, agawiridwe kenakake. Munthu sangagwire sowo tsiku lonse m'mimba muli mandasi awiri.

Kwa inu a makampani amene mumapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndalamayo siikuchotserani udindo wotsegula chitseko ana a m'makoleji akamasaka malo a atachimenti. Akabwera ndi buku lolembamo zomwe aphunzira, sainani zokhazo zimene wagwiradi ndi manja ake, chifukwa dzina lanu ndi limene lidzamutsatire kumene akalembedwe ntchito. Amene waphunzirira pashedi popanda koleji, mulimbikitseni akalembe mayeso a trade test, oyesa luso la ntchito zamanja, apeze pepala, ndipo masiku a mayesowo mumumasule osamudula kalikonse.