Nkhope ya ku Mars ija ndi phiri chabe

A mkonzi, mwalemba kuti miyala ina yooneka pa zithunzi za ku Mars mwina inasemedwa ndi zamoyo zanzeru. Zakuthambo ndimazikonda ndi mtima wonse, koma apa pokha ndakana.

Takumbukirani chithunzi chimene chombo chamumlengalenga cha Viking 1 chinajambula mu 1976 kudera la Cydonia ku Mars. Anthu anaonapo nkhope ya munthu, maso, mphuno ndi pakamwa pomwe. Ine nditachiona koyamba thupi linachita tsemwe. Komatu dzuwa linali litapendeka, mithunzi itatalika, ndipo kadontho kakuda kooneka ngati bowo la mphuno kaja kanabwera chifukwa chithunzicho chinasokonekera potumizidwa kuno. Mu 2001 chombo china cha Mars Global Surveyor chitajambulanso malowo ndi kamera yamphamvu, panaoneka phiri lafulati pamwamba, loperepeseka, nkhope osaoneka n'komwe.

Chooneka ngati “khomo” chimene galimoto yofufuza ya Curiosity inajambula ku Mars mu 2022 nachonso ndi mng'alu wa thanthwe, msinkhu wake pafupifupi masentimita 30 basi.

Maso athuwa sachedwa kuona nkhope, ngakhale m'mitambo. Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi chigwa cha Jezero, ku Mars komweko, kumene galimoto ina yofufuza ya Perseverance inatera mu 2021, pamene kalekale mtsinje unkathira m'nyanja. Chonde a mkonzi, tilembereniko za kumeneko.