Mukubzala mu Januwale, mukutentha mu Seputembala

Mawu awa ndikulankhula kwa inu ana anga ndi adzukulu anga a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Thuma kuno ku Salima, makamaka anyamata amene mumayenda ndi machesi m'thumba ndi khasu paphewa pokasaka mbewa. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho musaipidwe nane. Sabata yonse yathayi utsi wakhala ukufuka kumapiri, ndipo malo amene tinawasiya dala kuti mitengo iphukirenso asanduka lupsa lokhalokha.

Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Pa tsiku lobzala timakhalapo tonse, timavina, timajambulitsa zithunzi zokaika pa Facebook titagwira mbande m'manja. Koma amene amavutika ndi amayi a m'komiti yosamalira zachilengedwe, amene amathira dothi m'machubu ndi kutunga madzi othirira nazale m'chilimwe chonse, mitu ikuwawa ndi zidebe. Dziko lathu linalonjeza kuti pofika chaka cha 2030 lidzakhala litabwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka. Ine ndikufunsa kuti, kodi mahekitala amenewo tidzawawerenga ndi mbande zimene tinakwirira mu Januwale, kapena ndi mitengo imene idzakhale ikadali yamoyo mu Novembala?

Pali chinthu chimene ambiri a inu simukuchidziwa, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri. Nkhalango yathu ya miombo siidalira machubu kuti ibwerere. Mombo, mchenga, muwanga, mlombwa ndi msuku ukaudula, chitsa chake sichifa msanga, chifukwa mizu yake inalowa pansi kalekale ndipo imasunga chakudya ndi madzi. Mvula ikagwa chitsacho chimatulutsa mphukira zambiri, ndipo munthu wodziwa ntchito amangosankhapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kusadza zotsalazo, kuti zosankhidwazo zikule mowongoka. Mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande ya kunazale, poti ikuyamwa kudzera m'mizu ya mtengo waukulu. Chimene imafuna kwa ife ndi kuileka chabe kwa zaka zingapo. Khungwa lake likadali lopyapyala, moti moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, umaipsereza mpaka pansi. Chitsa chimayesanso chaka chotsatira, inu mumatenthanso, chimayesanso, mpaka mphamvu zimatha ndipo chimafa. Pamenepo ndiye kuti mtengo umene unaona agogo anu ali ana mwaugulitsa ndi mpani umodzi wa mbewa.

Musandiuze kuti alangizi a zankhalango nawonso amatentha. Iwo amatentha molawirira, cha mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, atalambula kaye malire, ndipo moto wake umangoyenda pansi mofatsa kuchepetsa udzu kuti moto wolusa wa m'tsogolo usapeze chakudya. Wanuwo ndi woyatsa masana dzuwa lili paliwombo, inu n'kuthawa.

Enanso mumati tidzangobzala bulugamu m'malo mwake. Bulugamu sindidana naye, denga la nyumba yanga ndi milimo yake, koma iye si nkhalango. Pansi pake simudzazulapo ndelema, pakuti bowa ameneyu amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo, ndipo simudzatolapo masuku. Mukamubzala m'mphepete mwa khwawa amamwa madzi ambiri.

Kwa inu ootcha makala, umphawi ndikuudziwa, ndipo sindikunyozani chifukwa chofuna ndalama ya ufa ndi ya fizi. Chimene ndikudzudzula n'chakuti mwayamba kudula mphukira zosaposa dzanja la mwana kunenepa, ndiponso kukumba zitsa zomwe kuti mudzadzitse uvuni. Wodula nthambi wasiya mbewu, koma wokumba chitsa watseka khomo. Mukafunsidwa mumayankha kuti ndi za boma izi, ngati kuti boma ndi munthu wina wokhala ku Lilongwe amene adzamve yekha ululu. Thuma inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1926, tonsefe tisanabadwe, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime. Kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wogwidwa akhoza kulandidwa njinga ndi matumba omwe, iye n'kukagona m'chitokosi ana akudikira kunyumba.

Boma silimwa madzi a mu Linthipe, timamwa ndife. Phiri likakhala lambee, mvula siilowa pansi, imathamanga ndi dothi, kukwirira madimba ndi minda ya mpunga ndi mchenga, matope otsalawo n'kukathera m'nyanja momwe nsomba zimaswana. Zitsime zimene zinkasunga madzi mpaka mvula zoyamba tsopano zikumaphwa dzinja lili kutali, ndipo amene akulawirira mbandakucha kukafuna madzi ndi amayi anu omwe.

Eni mbuzi ndi ng'ombe, lekani kuzilowetsa m'malo amene akuphukira. Makolo, funsani mwana wanu kumene wazitenga mbewa asanaziike pamoto. Ine ndapempha kale amfumu kuti nkhani ya moto wa sabata yathayi ikambidwe pabwalo, ndipo amene ndinawaona akutsika kuphiri tsiku lija ndidzawatchula maina pamaso pa anthu onse, ngakhale mmodzi mwa iwo ndi mdzukulu wanga weniweni.