AWP ilekeni momwe ilili

Dzulo tinakangana mpaka pakati pa usiku, ine ndi mnzanga amene timasewera limodzi Counter-Strike 2, gemu ya pakompyuta yowomberana, pafupifupi Loweruka lililonse. Tinali pa mapu otchedwa Dust II, mbali ya CT, timu yoteteza malo awiri, A ndi B, kuti adani asatcherepo bomba. Maraundi atatu otsatizana iye anafera malo amodzi, pa zitseko za pakati zija, akuthamangira ku B. Kungoti adutse pa kampata kaja, phuu, wagwa. Wa timu inayo wonyamula AWP, mfuti yowombera patali, anali atangokhala phee kumtunda, akudikira. Ulendo wachitatu ndinamva mausi ikumenyedwa patebulo, kenako mawu: "Aise, mfuti imeneyi ndi yobera. Chipolopolo chimodzi munthu wafa? Aichotse, apo ayi izipha ndi ziwiri."

Ndinamuyankha pomwepo, koma mitima inali m'mwamba ndipo sitinamvane. Ndiye ndati ndilembe pano, chifukwa mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo ine sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe.

Anthu akamati mfuti za mu gemu zikhale zolingana, ambiri amatanthauza kuti mfuti iliyonse izitha kulimbana ndi inzake paliponse. Counter-Strike sinapangidwe choncho. Ndi gemu ya ndalama. Mumayamba ndi madola 800 a mu gemu momwemo, okwanira kapisitolo kapena chovala choteteza pachifuwa, ndipo chilichonse chimene mungagule pambuyo pake chimachokera pa maraundi amene mwawina, amene mwaluza ndi anthu amene mwapha. AK-47 ndi madola 2,700. AWP ndi 4,750. Mukaonjezera chovala ndi helemeti, ina 1,000 yapita, musanagule bomba la utsi kapena flash, kabomba kothobwa m'maso. Ndiye mukapha munthu ndi AK amakupatsani 300, ndi mfuti zing'onozing'ono zambiri za SMG 600, koma ndi AWP 100 yokha. Munthu amene wanyamula AWP wanyamula thukuta la maraundi awiri kapena atatu, nthawi zina ndalama za mnzake amene wadzimana kuti amugulire. Akafa koyambirira kwa raundi, mfutiyo imatoledwa ndi adani ulere, ndipo timu yonse imalowa m'umphawi.

Amene sanaigwirepo nthawi yaitali sadziwa mantha amene ili nawo. Ukawomba n'kuphonya, pamadutsa pafupifupi sekondi imodzi ndi theka kuti uwombenso. Mu gemu imeneyi nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti wa AK akuthire zipolopolo khumi ndi kuposa. Usanayang'ane mu sikopu, kagalasi koonera patali, ulibe ngakhale kachizindikiro kolozera pakati pa sikirini. Ukalasa mwendo wa munthu amene sanavulale, safa. Ukanyamula umayenda mwaulesi. Ine ndimaigwira nthawi zina tikasowa wina, ndipo ndikaima pa A long, msewu wautali wopita ku A pa Dust II, ndikumva mapazi a anthu anayi akubwera, zikhatho zimanyowa. Ndimadziwa kuti ndili ndi mwayi umodzi, ndipo flash imodzi ya madola 200 ikangophulika pamaso panga, madola 4,750 aja asanduka ndodo.

Tsopano mnzanga uja sanalakwe zonse, ndipo sindikufuna kumupondereza. Imfa ya AWP imawawa mosiyana ndi ina. Wa AK akakupha, umamva kuti munalimbana, unawombako, mwina unamuvulaza. Wa AWP nthawi zambiri sumuona n'komwe. Kwa munthu amene wangoyamba kumene, amene akusewera ndi anthu osawadziwa oti saponya utsi ngakhale uwapemphe, zimaoneka ngati palibe chochita. Komanso ife amene timasewera tili kuno, kulumikiza ku maseva a ku Johannesburg, intaneti ikayamba kugwedera timaona mdani mochedwa, ndipo mfuti yopha kamodzi siikhululuka. Zonsezi ndi zoona. Koma mankhwala ake alipo kale mu gemu momwemo. Utsi ndi madola 300. Zitseko za pakati pa Dust II anthu akhala akuzitseka ndi utsi kwa zaka zambirimbiri. Mnzanga anadutsa katatu opanda utsi, ali ndi ndalama m'thumba.

Mfuti yosokoneza gemu yeniyeni tinaionapo, ndipo amene analipo mu December 2015 akukumbukira. Valve, kampani yopanga gemuyi, inatulutsa R8 Revolver, pisitolo ya madola 850 imene inkapha ndi chipolopolo chimodzi pathupi. Tangoganizani, mphamvu ya AWP pa mtengo wa pisitolo, woti wosauka aliyense angakwanitse pafupifupi pa raundi iliyonse. Panalibenso chifukwa chosungira ndalama. Anthu wamba ndi akatswiri omwe anakuwa, ndipo pasanathe sabata inafooketsedwa. Pamenepo madandaulo anali m'malo, chifukwa mphamvu ndi mtengo zinali zitasiyana mtunda.

Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri ndi ya SG 553, imene ambiri amaitcha Krieg. Mfuti imeneyi inakhala mu CS:GO, Counter-Strike imene inalipo CS2 isanabwere, zaka zambiri pa madola 3,000, ili ndi sikopu, ikupha ndi chipolopolo chimodzi kumutu ngakhale munthu atavala helemeti. Anthu ankainyoza. Ukaigula ankati ndiwe mwana, wathawa ku Call of Duty. Mu October 2018 Valve inangotsitsa mtengo kufika pa 2,750. Mfutiyo sanaikhudze kalikonse, mtengo wokha. Mu 2019 akatswiri anayamba kuiphunzira, ndipo posakhalitsa inadzaza mipikisano yonse, mpaka a AWP eniake ankaopa kusuzumira. Anthu omwe aja ankaiseka anayamba kulira kuti yanyanya mphamvu. Mtengo unabwerera pa 3,000 mu November 2019, ndipo mu April 2020 anaichepetsa liwiro la kuwomba. Zaka zonse zija inali yamphamvu chomwecho, kungoti palibe amene ankaigwira. Ndiye ndikamva munthu akuti mfuti yakutiyakuti ndi yobera, ndimayamba ndafunsa kuti kodi akunena za mfutiyo, kapena za chizolowezi chake chimene chasokonezedwa?

AWP nayo yadulidwa kale mapiko kawiri konse. Mu March 2015 anachepetsa liwiro la kuyenda uli mu sikopu. Amene ankaonera kennyS, katswiri wa AWP wa ku France, nthawi imeneyo akudziwa chimene chinatayika: munthu ankatulukira pakona ngati mphezi, kuwomba, kubwerera. Kaseweredwe kameneko kanavuta kwambiri, ngakhale kuti chaka chomwecho iye anakawina Major, mpikisano waukulu wa gemuyi, ku Cluj-Napoca ndi timu ya EnVyUs. Kenako mu November 2022 anachepetsa zipolopolo za m'magazini kuchoka pa 10 kufika pa 5. Kusintha kwachiwiriku ine ndinakulandira, ndinene zoona. Kale munthu ankatha kuwombera mu utsi mwachisawawa, kubowola makoma, osawerengera kalikonse. Pano chipolopolo chilichonse chili ndi mtengo, ndipo timu yanzeru imawerenga kulira kwa mfutiyo n'kuthamangira pamene akusintha magazini. Uku ndiye kukonza kwabwino, kuonjezera chiopsezo kwa woigwira popanda kuchotsa chimene chimaipangitsa kukhala AWP.

Komanso Counter-Strike 2 itabwera mu September 2023, theka la masewera linafupika kuchoka pa maraundi 15 kufika pa 12. Maraundi akachepa, mipata yosonkhanitsa madola 4,750 imachepanso. AWP yakwera mtengo popanda nambala yake kusintha.

Zoti izipha ndi zipolopolo ziwiri ndiye ayi. Mfuti yotero ilipo kale, SSG 08, ya madola 1,700, ndipo ili ndi ntchito yake. AWP ikakhala choncho palibe angaigule, ndipo mapu onse angasinthe. Misewu italiitali ija ya Dust II, pakati pa mapu a Mirage, njira yotchedwa banana pa mapu a Inferno, malo onsewa amakoma chifukwa pali munthu mmodzi amene aliyense akumuopa. Mantha amenewo ndi amene amakakamiza anthu asanu kulankhulana: iwe ponya utsi, iwe flash, ine ndilowa, ndikagwa undibwezere. Mukamuchotsa, chotsala ndi anthu khumi onyamula AK ndi M4 akuthamangitsana, ndipo magemu otero alipo ambiri kale.

Ndimaganizanso za akatswiri a AWP, s1mple ndi timu ya NAVI pa Major ya ku Stockholm mu 2021, kapena ZywOo ndi timu ya Vitality pa ya ku Paris mu 2023, holo yonse itaimirira. Chimene chimatidzutsa pampando si chakuti mfuti yawo ndi yamphamvu. N'chakuti timadziwa kuti akaphonya kamodzi afa, ndipo iwo akupitabe kutsogolo, kukawombera pafupi pomwe wina aliyense akanathawa. Mfuti yomweyo ili m'sitolo ya gemu kwa ine ndi inu, pa mtengo womwewo.

Mnzanga uja ndamuimbira m'mawa uno. Sanasinthe maganizo, akuti ndikuikira kumbuyo chifukwa ndimaikonda, ndipo kuikonda sindikukana. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tisanalowe mu mpikisano titsegule Dust II tokha awiri kwa mphindi 20. Ndimuonetsa poima ndi poloza kuti utsi ugwere pa zitseko paja, kenako ndimupatsa AWP aime nayo pa A long, ine ndizibwera ndi flash.