Inu eni mafiriji, tamverani kuno

Ndiyambe ndi inu amene mumatenga mpeni wa kukhitchini n'kumagoba nawo ayisi m'firiji. Lekani. Kaya ndinu mayi wa pakhomo, kaya ndinu mtsikana wantchito amene mwauzidwa kuti "tachotsa nkhuku ija msanga, alendo ali m'njira," mpeniwo ubwerere kumene mwautenga. Pansi pa ayisi mukugobayo pali chitsulo chopyapyala, ndipo mkati mwa chitsulocho mumadutsa timapaipi ta gasi amene amaziziritsa zinthu. Nsonga ya mpeni ikangolowa mumva kamluzu, fyooo, basi firiji yathera pomwepo. Mawa mudzayamba kunena kuti anakugulitsani yachabechabe, chonsecho mwaipha nokha ndi dzanja lanu.

Kufa kwa firijiko ndi nkhani yaing'ono. Tapitani kuseri kwake mukawerenge zimene zalembedwa pa kompuresa, chakuda chija chimene chimalira pansi. Mafiriji ambiri a masiku ano alembedwa R600a. Ameneyo ndi gasi wa isobutane, m'bale wake wa gasi wophikira, ndipo amayaka. Gasi wakale wa R12 sankayaka, koma anamuletsa mayiko atagwirizana ku Montreal mu 1987 chifukwa ankawononga mlengalenga. Watsopanoyu amakhala wochepa m'firijimo, safika n'komwe magalamu 150, komatu m'kakhitchini kotseka mawindo, kandulo ili pathebulo, mbaula ikunyeka pakona, wochepa yemweyo akhoza kukuwaulani nkhope. Nanga si nthawi imene magetsi athima ndi imenenso ambiri mumati tichotseretu ayisi? Ngati mwaboola kale, zimitsani moto uliwonse, tsegulani mawindo ndi zitseko, wa fodya akasutire kutali, mutuluke kaye mpweya upite.

Njira yake njosavuta, kungoti imafuna mtima wodekha, umene ana a masiku ano mulibe. Zulani pulagi, tulutsani zakudya muzikulunge pamodzi m'bulangete, siyani chitseko pululu, ikani beseni la madzi ofunda mkatimo ndi chiguduli pansi. Ayisi adzagwa yekha. Musadikire mpaka atseke khomo la firiza. Akafika theka la sentimita, nthawi yakwana. Ena mumanyadira kuti yanga ndi yamphamvu, taonani ayisi wakeyu. Ayi ndithu. Ayisi wochindikala amatchinga kuzizira, kompuresa imangolira osapuma, mayunitsi n'kumatha pakati pa mwezi inu n'kumatukwana mita. Kawirikawiri ayisi wotereyu amabwera chifukwa labala wa chitseko watha kapena wadetsedwa ndi msuzi. Panitsani pepala pachitseko n'kulikoka. Likasololoka lokha popanda kulimba, mpweya wotentha ukulowa usiku ndi usana. Tsukani labalayo ndi madzi ofunda ndi sopo, akakana musinthe.

Tsopano inu abambo, bwerani pafupi, nkhani ya pulagi ndi yanu. Mwana watumiza firiji kuchokera ku Joni, yafika ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu kuno ndi a mabowo atatu a makona. M'malo mogula pulagi yoyenera ya fyuzi ya 13A, imene mtengo wake sufika ngakhale pa nkhuku imodzi, mwadula chingwe, mwasenda mawaya, mwawalowetsa m'soketi n'kukhomerera ndi timitengo ta machesi. Ena mwagula pulagiyo koma mwalumikiza mawaya awiri okha, wabulauni ndi wabuluu, wachitatu uja wobiriwira ndi chikasu mwangomupinda kuti alibe ntchito popeza firiji ikulira. Safunsa anadya phula. Waya wachitatuyo ndi amene amatengera magetsi pansi ngati mkatimo mwasupuka waya n'kukhudza chitsulo cha firiji. Mukamuchotsa, magetsi a mavoti 230 amadikira munthu woti adutsiremo, ndipo munthuyo amakhala mdzukulu wanu amene wathamangira madzi ozizira wopanda nsapato, pasimenti pongokolopa kumene.

Ndimamva anthu akuseka, ati firiji yathu imaluma pang'ono ukaigwira ndi manja onyowa, ingogwirani pa pulasitiki. Kuseka chiyani pamenepo? Firiji yoluma ndi yozula pulagi nthawi yomweyo, ndipo isayatsidwenso kufikira wamagetsi wodziwa ntchito yake, wokhala ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za magetsi la MERA, ataiona pamodzi ndi mawaya a nyumba yonse. Nyumba zambiri za lendi m'makwalalamu zinakokedwa magetsi ndi mphwake wa alandilodi, waya wopita pansiyo kulibe n'komwe.

Ekisitenshoni nayo. Kachingwe kopyapyala ka pamsika, pomwepo firiji, pomwepo ketulo, pomwepo ayironi, madzulo muwonjezerepo hotipuleti. Kompuresa ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikungoyenda, ndipo imadzuka kambirimbiri pa tsiku. Kagwireni kachingweko muone mmene kakutenthera. Firiji ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma. Chingwe chake chisapanikizike ndi phazi la firiji, chisadutse pansi pa kapeti, ndipo muzichiyang'ana, pakuti makoswe amakonda kufunda kwa kuseri kuja ndipo amatafuna mawaya.

Mwina mukuti agogowa akukokomeza. Pa 14 June 2017 ku London, nyumba ya nsanjika 24 yotchedwa Grenfell Tower inapsa usiku, anthu 72 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti moto unayambira pa firiji ya m'khitchini ina pa nsanjika yachinayi, kenako unakwera ndi zomatira za kunja kwa makoma. Kumeneko ndi kumene galimoto zozimitsa moto zimafika m'mphindi zochepa. Nanga kwathu kuno, kumene msewu wolowera kunyumba kwanu ngakhale wa kabaza amaukana? Wailesi mumazimitsa pogona, ayironi mumazula, koma firiji imagwira ntchito inu muli mtulo, ndipo m'makoma mwake anadzazamo thovu louma limene likagwira moto limatulutsa utsi wakuda wokomola. Ndiye inu mwaiimika m'kakhonde ka mkati, pakhomo lokhalo lotulukira, mawindo onse muli mabagalabazi. Mudzatulukira pati? Isunthireni pena.

Za kuthimathima kwa magetsi sindikuuzani zachilendo. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, anthu kumakhala tsiku lathunthu mumdima. Mafiriji ambiri amafa nthawi zoterezi, ndipo chimene chimawapha si kuthimako koma kubwerako. Magetsi akamabwera amayamba mwaphuma, kukwera, kutsika, kuthimanso, kuyakanso. Kompuresa imene yangoima kumene imakhala ndi gasi wopanikizika mkati. Mukaikakamiza kudzuka pompo imangong'ung'udza, kenako thi, yazima, ikutentha. Magetsi ofooka a madzulo aja, pamene babu likungofiira, amaipsereza chimodzimodzi. Choncho akathima, zimitsani pa soketi. Akabwera, dikirani mphindi zisanu kapena khumi aone kukhazikika. Ngati simukhala pakhomo masana, gulani fridge guard, kabokosi kaja kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri ndipo kamadikira kokha mphindi zingapo kasanayatse. Munthu wagula firiji ya ndalama zonsezo, n'kumaumira pa kabokosi! Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi.

Pamene pandiwawa kwenikweni ndi pa chakudya. Firiji yotseka bwino imasunga kuzizira maola anayi okha magetsi atathima. Firiza yodzaza imapirira maola 48, yatheka maola 24, ndipo zimenezo ndi ngati simukutsegula. Koma pakhomo panu mwana aliyense wodutsa atsegule, aone ngati magetsi abwera, atsekenso. Auzeni ana kuti magetsi akathima chitseko chimenecho ndi choletsedwa. Malo otsala m'firiza dzazanimo mabotolo apulasitiki a madzi, osadzaza mpaka kukamwa, aundane. Tsiku la mdima ndi amene adzakusungireni ndiwo. Mabotolo agalasi musaikemo, amaphulika, ndipo thobwa lotsekeredwa m'botolo likafunda limafufuma mpaka kuchotsa chitsekerero.

Inu ogulitsa nkhuku, nyama ndi chambo m'madipifiriza, ndikulankhula nanu mwaulemu koma mosabisa. Magetsi athima masiku awiri, nkhuku zasungunuka mpaka kuchucha, zafunda, magetsi abwera, zaumanso gwa, inu n'kugulitsa ngati palibe chachitika. Mukudziwa chimene mukuchita. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda, kumangotigonetsa. Nyama ikafunda timadzuka n'kuswana, ndipo tina timasiya poizoni amene ngakhale mutawiritsa bwanji sachoka. Amene akatsegule m'mimba ndi mwana wa mnansi wanu, amene akagonekedwe kuchipatala ndi gogo wa pa mpingo panu. Nyama imene ikadali ndi timiyala ta ayisi mkati mukhoza kuiumitsanso. Imene yasungunukiratu koma ikadali yozizira, iphikeni lero lomwe. Imene yafunda, tayani, ngakhale mtima ukuwawa. Inunso ogula tsegulani maso: mukaona magazi ataundana pansi pa jumbo, dziwani kuti nkhukuyo inasungunukapo.

Ndipo musamadalire mphuno. "Tanunkhiza, ngati sizikununkha tidya." Tizilombo toopsa kwambiri sitinunkha. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri, chifukwa cha kachilombo ka listeria kamene kanali mu poloni. Kameneko kamaswana ngakhale m'firiji mozizira. Poloni ndi masoseji otsegula kale si zosunga milungu, makamaka pakhomo pamene pali mayi woyembekezera.

Mkati mwa firiji muzikhala madigiri 5 kapena kutsikirapo pang'ono, m'firiza madigiri 18 pansi pa ziro. Manambala a pa kogudumuza kaja si madigiri. Pa mafiriji ambiri nambala yaikulu ndiye kuzizira kwambiri, ndipo mwezi wa October mufunika kukweza. Nyama yaiwisi ikhale pansi penipeni m'chotengera chotseka, osati pamwamba n'kumadonthezera magazi pa mkute wa ana ndi pa tomato wodya wosaphika. Poto wa nyemba wochoka pamoto musamulowetse akadali bwatabwata, komanso musamusiye pambaula yozima mpaka mawa. Gawani m'timbale ting'onoting'ono zizizire msanga, zilowe pasanathe maola awiri, nyengo yotentha ola limodzi. Mpunga wolala ndiye musamale nawo koposa. Zotsala zikapitirira masiku atatu kapena anayi, si za anthunso. A matenda a shuga, insulini wanu akhale pa shelefu ya pakati, asakhudze khoma la kumbuyo. Akaundana watha mphamvu ngakhale atasungunuka.

Poimika firiji paja ambiri mumaganiza za alendo, kuti akalowa pabalaza aione. Mwaikankhira kukhoma kuti tho, mwaiveka nsalu yoluka mpaka kumbuyo, pamwamba mwasanjikapo TV. Firiji imachotsa kutentha mkati n'kukutayira kunja kudzera kumbuyo ndi m'mbali, ndiye ikatayira kuti? Siyani mpata wa masentimita 10 kumbuyo, isakhale padzuwa la pawindo kapena pafupi ndi mbaula, iime mowongoka kuti chitseko chizitsekeka chokha. Kawiri pa chaka zulani pulagi mupukute fumbi ndi akangaude pa zitsulo za kumbuyo. Inu a ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, musanagule firiji ya kaunjika yochokera ku Ulaya werengani kapepala kake. Yolembedwa N kapena SN anaipangira malo osapitirira madigiri 32, ya ST imafika 38, ya T imafika 43. Kwanuko dzuwa la November mukulidziwa nokha.

Posamuka, inyamuleni choimirira. Mukaigoneka pa lole, mafuta a mu kompuresa amayenderera m'mapaipi. Ikafika isiyeni maola anayi musanayatse, ndipo ngati inagona, mpaka mawa. Ndikudziwa ana akufuna mafilizesi lero lomwe. Adikire.

Ikawonongeka, samalani ndi amisiri oyenda ndi kasilinda pa njinga amene matenda aliwonse amati gasi watha. Gasi wa m'firiji satha ngati palafini; amazungulira momwemo zaka ndi zaka. Ngati wachepa ndiye kuti pena pabowoka, ndipo wongothira osatseka bowolo adzabweranso mwezi wa mawa kudzatenga ndalama zina. Mmisiri athire gasi yemweyo amene walembedwa pa kompuresa. Mukamuona akulumikiza mawaya molambalala kachipangizo kamene kamazimitsa kompuresa ikatentha, ati kuti izilira mosalekeza, mulipireni ya thiransipoti azipita.

Ikafa yeniyeni, musaiponye kuseri kwa nyumba ndi chitseko chake. Ana pochita chibisalirano amalowamo, ndipo mkatimo mpweya suchedwa kutha, kulira kwa mwana sikumveka panja. Ku America ana anafa ambiri motere mpaka boma linakhazikitsa lamulo mu 1956 lakuti chitseko cha firiji chizitheka kutsegulidwa ndi munthu ali mkati. Koma ife timakhomerera tokha zokowera loko pa madipifiriza poopa akuba ndiwo, ndipo chokoweracho chikagwera pamalo pake, mwana ali mkati sangakankhe chivundikiro. Tengani sikuludiraiva mumasule chitsekocho lero, chokoweracho muchizule. Ngati mukusungiramo chimanga kapena ufa, ikhale m'chipinda chokiya, kiyi ali ndi munthu wamkulu.