Mwaiwala za lilime, a mtolankhani

Mwalemba kuti mankhwala a gefapixant amaletsa chifuwa chosatha potseka P2X3, kakhomo ka m'mitsempha kamene jini (malangizo achibadwa a m'thupi) ya P2RX3 imapanga, koma vuto lake simunalitchule. Kakhomo komweko kalinso m'mitsempha ya lilime. ATP, kemikolo ya m'thupi imene imatsegula kakhomoka, ikalephera kukatsegula chifukwa cha mankhwalawa, munthu samva bwino kukoma kwa chakudya, ndipo ambiri amene anayesa mankhwalawa anadandaula zimenezi. Japan inawavomereza mu 2022, pomwe FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, linawakana.

Abale anga kuno ku Kasungu, mankhwalawa ndi a chifuwa chimene madokotala afufuza mpaka kusowa chochiyambitsa. Mukatsokomola milungu iwiri musamangonamizira fumbi la fodya m'chigafa. Pitani mukayezetse makhololo, ikhoza kukhala TB.